Kiyi wa Geti la ku Jacobs

A Kasim Twaibu a ku Namwera anali munthu woti ukawauza kuti imani apa, mawa ukawapeza pompo. Osati kupusa ayi, ndi usilikali umenewo. Anaulowa ndevu zisanamere bwino, ndipo chaka chisanathe anawaponya ku Mozambique kukalondera njanji ya ku Nacala. Ntchito yawo inali kuyenda patsogolo pa sitima, maso pansi, kusaka mabomba okwirira. Tsiku lina mnzawo amene ankadya naye mbale imodzi anatuluka pamzere osapempha, ati akataye madzi patchire. Phuu! Zidutswa zake anachita kuzithothola m'mitengo. Kuyambira tsiku limenelo a Kasim anatsimikiza kuti munthu amapulumuka pomvera, basi.

Nkhondo yawo yachiwiri inawapeza ali sajeni, imvi zitayamba, m'nkhalango za ku Congo. Kumeneko anagona m'matope masiku awiri, zipolopolo zikuthyola nthambi pamwamba pawo, msilikali mnzawo akubuula chapafupi matumbo ali kunja. Akuluakulu analamula pawailesi kuti pasapezeke wosuntha. Sanasunthe. Pobwerera kwawo anawaveka mendulo.

Atapuma usilikali, munda unawakana. Anatenga akazi awo, a Halimah, nkutsikira ku Durban, kumene anapeza kachipinda ku Chatsworth ndi ntchito ya ulonda kudera la mafakitale la Jacobs, panyumba yaikulu yosungiramo mpunga ndi mafuta ophikira. Chichewa ankachisiya kuchipinda, kuntchito kunali kuvomera kuti "yebo" ndi "sharp" basi. Mkulu wa alonda, Duncan, wamsinkhu woti nkumubereka iwo, ankawanyadira kwabasi. "Madala uyu ndiye msilikali," ankatero. "Safunsa kuti chifukwa chiyani."

Ndiye kunadza chipolowe cha mu Julayi 2021, pamene mzinda wonse unapenga, masitolo nkuphwasulidwa dzuwa likuswa mtengo. M'mawa wa tsiku lina khamu la anthu linagwetsa mpanda nkukhamukira m'nyumba ya katundu ija. Amayi, abambo, agogo amene, aliyense thumba la mpunga pamutu. Duncan ndi alonda ena anaombera zipolopolo zamphira, amene anali panja nkubalalika. Amene anali mkati, anthu ngati makumi anayi, Duncan anawatsekera momwemo. Anakoka geti lazitsulo, nkulikulunga unyolo, loko kwa!

"Apolisi adzawapeze momwemu," anatero akupatsira a Kasim kiyi. "Madala, usatsegule mpaka ndinene ine."

"Yebo, bwana."

Duncan anathamangira kuseri kumene kunkamveka mfuti. A Kasim anaima nji, kiyi m'thumba. Amkatiwo anawatukwana, ena kuwalavulira, iwo phee. Zotukwana ndi chiyani kwa munthu amene anagonapo ndi mitembo?

Moto unachokera kunyumba yoyandikana, nkulowera kudenga. Fungo analimva msanga, mphuno zawo zinalidziwa kale. Anatenga wailesi. "Bwana Duncan, moto mkati." Zii. Anaitananso. Wailesi inangoti shwaa.

Utsi wakuda unatsika, ndipo anthu onse anaunjikana pageti. "Vula! Vula, baba!" ankakuwa m'Chizulu kuti atsegule. Patsogolo penipeni panali mayi wina wovala juzi yofiira. Anatulutsa dzanja pakati pa zitsulo nkugwira a Kasim malaya. Sanatukwane ayi, anangowayang'ana, akumbuyo akumukanikizira pazitsulopo. Mtima wa a Kasim unawawa, mantha anawagwira kuposa a ku Congo. Koma dzanja, mayo ine, m'malo mopita kuthumba linapitanso pawailesi. Anaitana kachitatu. Anaitana kachinayi. Mayi uja anasiya malaya aja.

Zigubu za mafuta zitayamba kuphulika, m'pamene anatulutsa kiyi. Unyolo unali utatentha, unawasenda zikhatho. Geti lisanatseguke lonse, anthu anabwera ngati ng'ombe zothawa dibi. Anawagwetsa chagada, kuwaponda pamimba, pakhosi, kumaso. Wina podutsa anawaswa ndi chitini pamphumi, magazi chuu. Akuti adzuke, Duncan uyu, maso ali psu.

"Wakuuza ndani?" anakuwa, nkuwakhoma ndi tsinde la mfuti pakamwa. Mano awiri anagwa.

Apa a Kasim anachita zimene sanachitepo chilowereni usilikali. Anagwira mfuti ya mkulu wawo, kuipotokola mpaka chala cha Duncan chinalira thyo, nkuiponya kutali. Kenako anakwawa chafufumimba kunsi kwa utsi. Pageti panatsala anthu atatu ogona. Awiri ankatsokomola, anawakokera kunja. Wachitatu anali mayi uja. Anamugoneka pamsewu nkuyamba kumupopa pachifuwa monga anawaphunzitsira kuusilikali, koma nthiti zinali zitathyoka kale pazitsulo paja. Anapopabe mpaka anthu anachita kuwachotsapo.

Ntchito inathera pomwepo, ndipo iwo sanapite nkukafunsa komwe. Anayenda wapansi mpaka ku Chatsworth, akutsimphina, chifukwa mateksi sankayenda. A Halimah atawaona anagwira pakamwa, kenako anatereka madzi nkuyamba kuwatsuka mabala. A Kasim anafotokoza zonse, mawu akutuluka movuta m'kamwa motupamo.

"Ndiye mukuliranji, bambo?" anafunsa a Halimah. "Si mwatsegula? Anthu onse aja ali moyo chifukwa cha inu."

Zinalidi zoona, ankalira, munthu amene akazi ake anali asanaonepo msozi wake.

"Ndatsegula, inde," anatero a Kasim. "Koma mayi uja wandigwira malaya ali moyo, Halimah. Kiyi ali m'thumba mwangamu, ine nkumapempha chilolezo kwa wailesi."