Tayala la Kutsogolo

Alamu anga, amuna awo a achemwali anga, mumsewu wathu monse amadziwika kuti a Kasinthasintha. Amakonza matayala m'kashedi ka malata kuseri kwa malo omwetsera mafuta. Mvula ikamayandikira, ndiponso ikangotha, magalimoto amandanda mpaka kumsewu, iwo choko chili kukhutu, jeke ili pansi, ulaliki uli pakamwa.

"Tayala la kutsogolo ndi kapolo," amatero. "Kusenza injini ndi lomwelo, kukhota ndi lomwelo, mabuleki ndi lomwelo. La kumbuyo limangotsatira ngati mlendo wa paukwati. Musawachitire nkhanza, asinthanitseni!" Akamasula lililonse amalilemba ndi choko komwe lachokera, n'kulizunguza pamakina, kenako amakhomera tizitsulo m'mphepete mwa rimu kuti chiwongolero chileke kunjenjemera.

Vuto n'lakuti matendawa anafika nawo kunyumba. Matiresi amatembenuzidwa mwezi ndi mwezi. Makushoni a sofa ali ndi zilembo za choko kunsi. Ine tsiku lina anandidzutsa pampando chakudya chili kukamwa, ati ndauphwetekera mbali imodzi. Ndinawayang'ana ndi diso loti likanakhala mpeni bwenzi tikunena zina.

Koma munthu woona kutha kwa khushoniyu sankaona mkazi wake. Achemwali ankadzuka tambala woyamba, kuphika, kuchapa maovololo onona girizi, kusambitsa apongozi awo okalamba, kukwera ndi kutsika masitepe a kuseri ndi ndowa. Mawondo anatupa. Adokotala anawauza mosapsatira kuti akapanda kupuma miyezi iwiri, chaka chamawa adzayendera ndodo. Atawafotokozera amuna awo, iwo anangoti, "Pepa, mayi," n'kufunsa ngati ovololo yauma. Zinandipsetsa mtima zedi.

Achemwali sanakalipe. Lachisanu, mitambo itayamba kuda, anandiuza kuti, "Ndigwire mkono, tikaime pamzere wa kushedi."

Tinakaimadi, pakati pa minibasi ndi kagalimoto kofiira. Minibasi ikasuntha, ifenso tisuntha. Madalaivala ankangoyang'anizana, ine kuseka kukundikirigita m'mimba. Nthawi yathu itakwana, achemwali anakhala pa tayala lakutha pafupi ndi jeke, n'kusolola choko kukhutu kwa amuna awo. Pabondo lina anadzilemba kuti "kutsogolo kumanja", linalo "kutsogolo kumanzere".

"Bambo, ndamva kuti muno mumasinthanitsa," anatero. "Awa ayenda kutsogolo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. A kumbuyo akadali atsopano, akungotsatira ngati mlendo wa paukwati."

Shedi yonse inafa nacho chiseko. Dalaivala wa minibasi anachita kugona pa boneti, akufuula kuti, "Akulu, jeke ija ibwere kuno!" Ine misozi mbwee, nthiti zikuwawa.

Alamu anayamba n'kuseka nawo. Kenako, mwa chizolowezi, anagwada n'kuyendetsa chala chachikulu pabondopo monga amachitira pofufuza mano a tayala. Chala chinalowa m'chotupacho, dzenje n'kutsala. Kuseka kunathera pomwepo.

"Zafika apa liti?" anafunsa motsitsa mawu.

"Muli kalikiliki ndi makushoni," anayankha achemwali.

Tsiku limenelo shedi inatsekedwa dzuwa likadali pamutu, mzere wonse uli chiimire.

Tsopano bwerani mudzaone zodabwitsa! A Kasinthasintha amadzuka tambala woyamba. Mapoto awiri apserera kale. Malaya anga oyera, amene ndinawasiya pa chingwe chawo, anawachapanso pamodzi ndi ovololo, ndipo pano ndimakolopera. Mayi awo amadandaula kuti amawasambitsa ngati akutsuka rimu. Achemwali ali phee pa sofa, miyendo pa khushoni, akulamula ndi chala.

Dzulo ndinawapeza alamu akukwera masitepe a kuseri ndi ndowa ziwiri, thukuta lili kamukamu. Ndinati ndiwagemule pang'ono.

"Limbani mtima, alamu, mvula ikatha musinthananso."

Anatula ndowazo, n'kusuzumira pawindo pomwe achemwali ankawodzera.

"Iwe sudziwa matayala," anatero. "Awo ayenda zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri. Ine ndangoyenda milungu itatu."