Sowo yanu ndakaniza

Ada Mphande, lero kunabwera Yotamu, mwana wa mlongo wanu amene amawotcherera zitsulo ku Kande uja, kudzatenga sowo yanu yodulira zitsulo. Akuti munamulonjeza musanatisiye. Nditaitsitsa pamsomali, ndinakumbukira tsiku limene tinakaigula ku Mzuzu. M'sitolo muja munakhalamo mphindi makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, ine ndikuyang'ana wotchi. Munagwira sowo zisanu ndi imodzi. Munkayendetsa chala pa mano ake pang'onopang'ono n'kumandiuza kuti, "Chitsulo chopyapyala chimafuna mano ang'onoang'ono, atatu azikhudza nthawi imodzi. Akuluakulu amakodwa n'kuthyoka." Chitenje changa tsiku lomwelo munachisankha m'mphindi ziwiri, osachitambasula n'komwe. M'minibasi yobwerera ku Chintheche sowoyo munaifungatira pamiyendo, ine ndili mpando wakumbuyo.

Kwa zaka khumi ndi zinayi ndinkaitcha mkazi mnzanga, inu n'kumaseka, Loweruka lililonse n'kumaipukuta ndi mafuta. Lero ndaona kuti chogwirira chake chinadyeka pamene pankakhala chala chanu chachikulu. M'nyumba muno mulibe china chimene chinasunga dzanja lanu chonchi, ngakhale ineyo, ndipo zandipweteka. Yotamu anati, "Ama, nanga inu mudula nayo chiyani?" Ndinati palibe. Ndamupatsa mipeni yatsopano yomangirira pa sowo isanu ndi itatu imene munasiya m'kabati, koma sowoyo ndakaniza. Lonjezo lanu ndaliswa, ada. Kaya mukwiya, kwiyani. Sindilola kuti dzanja lanu likagwiridwe ndi wina ku Kande ine ndili moyo.