A Malasha, amene anakwirira maenje a m'munsi mwa phiri

Mvula yoyamba ya 1995 itangogwa, pa tchalitchi chathu cha m'munsi mwa phiri la Zomba panafika bambo owonda, khasu paphewa, korona m'khosi. Akatekisiti atawafunsa dzina, iwo anangoti Mulungu akulidziwa. M'manja mwawo munali timizere takuda tosachoka ndi sopo, ndipo zitamveka kuti anakumbapo malasha ku Tete, anthu anangowatcha a Malasha.

Anapempha malo amene aliyense anawanyanyala: maenje osiyidwa ndi owumba njerwa, pamtunda pamene owotcha makala anatha mitengo yonse. Dora, namwali amene ankadyetsa mbuzi chapafupi, ndiye ankawaona tsiku ndi tsiku akututa miyala, kuthira dothi pamwamba, kenako kudzapempha zitosi za mbuzi zake. Ankawaseka kuti akulima pamanda. Iwo ankati, "Nthaka ukaivulaza, uziipepesa, mwanawe. Ine ndaivulaza yambiri."

Mbiri yawo Dora anaitola pang'onopang'ono ngati nkhuni. Anakula ali amasiye cha ku Malosa, akutumikira pa Misa opanda nsapato. Atangokwatira anapita kumgodi, nkhondo n'kuwatsekera komweko, fumbi n'kuwadya chifuwa. Koma Dora akawafunsa dzina, nkhani inkathera pomwepo, ndipo zinkamudya mumtima kuti munthu wotere angadzaikidwe ngati wongodutsa, pa mtanda popanda cholemba.

Moto wa osaka mbewa unapsereza nsenjere ndi mibawa yanthete imene anabzala pa maenjepo. Anabzalanso osadandaula. Chifuwa chikawagwetsa, ankapemphera korona ali chigonere, m'mawa n'kudzuka. Zaka zitapita, pa maenje paja panamera msipu, mbuzi za mudzi wonse zikudya, nkhwali zikulira m'tchire, ndipo tsiku lina Dora, ali kale mayi wa ana atatu, anaona gwape akumwa pa dziwe limene a Malasha anasiyira dala nyama.

M'nyengo yozizira ya 2016 anadwala kwambiri, osathanso kudzuka. Bambo mfumu atawadzoza mafuta, Dora anagwada pamphasa n'kuwauza kuti ampatse dzina lolemba pa mtanda, chifukwa iye anakula ndi manda amodzi opanda munthu, sakufuna enanso opanda dzina. Bambo ake omubereka anamveka kuti anafera kunja iye ali m'mimba, ndipo abale, monga mwa mwambo, anaika thunthu la nthochi m'malo mwa thupi.

Pamenepo a Malasha anayamba kufotokoza. Anati pobwera kuchokera ku Tete anapeza manda awo atamera udzu, mkazi wawo atadalitsa ukwati wina ndi a Benson, munthu wabwino amene analera mwana wosakhala wake. Anaona kuti kudzuka kwawo kukanapasula nyumba imeneyo, choncho anasankha kukhala pafupi, chete. Tsopano mkaziyo ndi a Benson, onse awiri, anali atatsogola.

Anamwalira mwamtendere dzuwa likupendeka, dzanja lawo lili m'manja mwa Dora. Atisiyira msipu pamene panali mabala, ndi chitsanzo cha chikondi chosafuna kuthokozedwa. Mawu awo omaliza, Dora akuti anachita kuwerama kuti awamve.

"Thunthu la nthochi lija linandigonera mokwanira. Ukalembe kuti Medson Nampuluma. Ndine bambo ako, mwana wanga."