Mpando wa Kukhitchini Pakati pa Ngalande

Wytske anatsitsimuka patatha masiku asanu ndi anayi, chala cha phazi lamanzere chikumuyabwa. Anatambasula dzanja kuti akande. Kumunsi kwa bondo kunalibe kanthu, bulangete lokhalokha.

Lole ya mkaka inamugunda m'mawa wa nkhungu ali pa njinga. Helikopita inamutola pamsewu, madokotala anapulumutsa moyo, koma mwendo unawakanika.

Masiku onse amene anali chikomokere, mtima wake sunali m'chipatala. Unali pa ngalande ya kwawo, madzi ataundana ndi chisanu kuti gwa n'kukhala ayezi, akuda bii, iye akuterereka pamwamba pake ndi nsapato zotererera ngati sakuponda pansi, mabango akuwerama, nsomba zikumutsatira kunsi kwa ayezi. Mankhwala opha ululu akamugwira ankabwererako, ndipo kumeneko miyendo inali iwiri.

Kwa zaka khumi ndi ziwiri Wytske ndiye anali woyeza ayezi wa m'mudzimo. Chisanu chikalimba ankalowa yekha pakati pa ngalande n'kubowola ayezi, n'kuyeza kukhuthala kwake, ndipo palibe ankapondapo iye asanalole. Chobowolera chake chinali cha malemu bambo ake.

Mwezi wachitatu ali m'wodi, kunabwera a Algra, mkulu wa komiti ya ngalande, atanyamula maluwa.

"Mwanawe, upume. Zoyezazi tipatsa wina. Iwe uzidzatiphikira koko kumtunda."

Anthu ndi otero! Galimoto yakutengera mwendo, iwo akubwera ndi maluwa kudzatenga zotsalazo. Palibe anafunsa ngati khutu lake, lija limamva ayezi wonyenga, linadulidwanso.

"Bambo Algra, adula mwendo, osati mutu."

"Chabwino. Ukadzafika wekha pakati pa ngalande, ntchito ndi yako."

Madokotala anamupatsa Wytske mwendo woikirira wachitsulo. Chitsa cha mwendo chinatupa, chinatuluka matuza, chinapola, chinatupanso. Atatha kuyenda, anayamba kupita m'tauni kukaterereka m'nyumba ya ayezi wochita kupanga. Koma phazi lachitsulo silimva ayezi. Ankagwa, kugwa, kugwanso, mpaka tsiku lina anaponya nsapato zotererera m'bini.

Mawa lake mlongo wake Tjerk anabwera ndi nsapatozo, ndi mpando wa kukhitchini kwa mayi awo. Ana onse kwathu kuno amaphunzira kuterereka akukankha mpando.

"Iwe Tjerk, ndine khanda ine?"

"Bola khanda, limagwa n'kudzuka. Iwe umagwa n'kutukwana. Tagwira apa, achemwali a mwendo umodzi ndi theka."

Anamutukwanadi. Kenako anaseka, koyamba chichitikire ngozi, n'kugwira mpando uja.

Chaka chimenecho ngalande sinaundane. Wytske anangokankhabe mpando m'tauni, akatseka maso n'kumaona mabango ndi nsomba zija.

Chaka chinacho, mu Febuluwale, chisanu chinaluma masiku asanu ndi limodzi. Mudzi wonse unandanda m'mphepete, nsapato zotererera zili m'manja. Wytske anatsika ndi mpando wake, chobowolera atachimangirira pamenepo.

"Pajatu ndinati wekha," anatero a Algra.

"Mpando ndi munthu? Nanga inu munaphunzirira kumbuyo kwa chiyani, bambo, ng'ombe?"

Anthu anafa nacho chiseko, ndipo mkulu uja anangovula chipewa n'kukanda dazi.

Wytske anakankha mpando wake. Mwendo wamoyo unkatsogola, wachitsulo unkatsatira mokayika. Dzuwa linali loyera mbuu, ayezi ankalira chapansipansi ngati munthu woimba ali m'tulo, ndipo kwa kamphindi Wytske sanadziwe ngati ali pa ngalande kapena akadali m'wodi muja. Atacheuka, anthu anali atachepa ngati mbalame pa waya. Anali pakati.

Anakhala pa mpando, nabowola, nayeza, natchera khutu. Ankalakalaka kufuula kuti lowani, kuti tsiku lake likome. Koma ayezi anali asanakhuthale mokwanira.

"Lero ayi! Mawa!"

Kunamveka kung'ung'udza. Koma palibe ndi mmodzi yemwe anaponda. A Algra ndiwo anayamba kukoleka nsapato paphewa n'kutembenuka, mudzi wonse pambuyo pawo.

Wytske akutsimphinabe mpaka lero, ndipo kukazizira phazi limene kulibe limamuwawa. Mwendo sunamere. Koma mawu ake ndiwo amatsegula ngalande.

Inu amene mwagona m'wodi, mukuyang'ana malo amene panali chiwalo chanu, musalole munthu akuyezeni ndi chimene chachoka. Ngati kudzuka kwanu kukufuna mpando wa ana, ugwireni pamaso pa onse. Mtima wokhawo musautaye.