Asilikali anga a machubu a bolopeni

Ndili Fomu 3 ndinasaina pepala ku ofesi loti ndikadzangopalamulanso, sukulu yathera pomwepo. Bambo anga anasaina m'munsi mwake, ndipo kuchoka ku Luwinga mpaka kunyumba ku Chibanja sanandilankhule.

Ndinadzigwira masabata atatu. Kenaka mulaibulale ndinapeza buku lopanda chikuto, lonena za asilikali a kadziko kena kakang'ono ka ku Jeremani, kale mfuti zili za gogodera. Mfutizo zinkachedwa kuthira wonga, choncho asilikali ankaima mizere itatu. Mzere woyamba ukawombera, wachiwiri unkatsatira, kenaka wachitatu, uku oyamba aja akuthiranso wonga. Zonse zinkayendera ng'oma, ndipo kaputeni sankanyamula mfuti.

Mwezi umenewo kunkazizira chomene, koma hedi pulifekiti ankatilanda majuzi osakhala a yunifomu. Ndinasankha anyamata khumi ndi awiri, mizere itatu ya anayianayi, ataliatali kumbuyo, ndi wina pambali womenya ng'oma. Mfuti zathu zinali machubu a bolopeni, zipolopolo mapepala otafuna, ng'oma chidebe cha mopu. Ndinawauza kuti pankhondo samvera mawu a munthu, amamvera ng'oma basi.

Lachinayi pa buleki tinabisala kuseri kwa labu, njira yomwe hedi pulifekiti ankadzera. Nditamva mapazi ndinakweza dzanja, chidebe n'kuyamba kulira. Amene anatulukira pakona anali achiwiri kwa ahedi, kapu ya tiyi ili m'manja. Ndinakuwa kuti asiye, koma wang'oma anali atatsinzina ndi mantha, akungomenya. Mizere yonse itatu inagwira ntchito yake bwinobwino, mpaka chipolopolo china chinagwera mu tiyi.

M'kalasi anatilamula kuika mabolopeni padesiki. Aliyense wa chubu chonyowa malovu anatulutsidwa, wang'oma pamodzi ndi chidebe chake. Yanga inali yathunthu. Anawafunsa mmodzimmodzi kuti mtsogoleri ndani, ine ndikuona kale nkhope ya bambo. Palibe ananditchula.

Anawapatsa zikwanje kuti akatchetche kuseri kwa kalasi yathu. Ndinasuzumira pawindo. Zitsiru zija zinandanda zokha mizere itatu, ataliatali kumbuyo, n'kutembenukira kuwindo langa kudikira kuti ndikweze dzanja. Achiwiri kwa ahedi anatsatira maso awo mpaka anandipeza.

"Iwe, tatuluka. Anthu akowa akudikira iwe."

"Ine, sala?"

"Eya, iweyo. Ndipo mawa ubwere ndi bambo ako."

Mawa lake ndinaima pakhomo la ofesi pafupifupi ola lathunthu, m'kati akukambirana za ine. Ndinamva bambo akuthokoza kuti yewo kawiri. Atatuluka anangoti ndi masabata awiri kunyumba, ndipo amene anandipepesera kwa ahedi ndi achiwiri awo omwe tinawawombera aja.

Chimandiwawa mpaka lero n'choti hedi pulifekiti sanalaweko ngakhale chipolopolo chimodzi.