Baji ya Bambo Tsidya la Chilwa

Ulendo wanga woyamba kutuluka m'dziko muno, umenenso unali womaliza, unali wa tsiku limodzi, ndipo ndinabwerako ndi bulangeti lomwe sindinkalifuna.

Ine ndinabadwira tsidya la nyanja ya Chilwa, ku Mozambiki, komwe masiku amenewo tinkangoti kwa Apwitikizi. Amayi anathawa nane ndili kamwana n'kudzakhazikika kwa Mwambo. Achemwali anga, amene ankandibereka kumsana, anatsala chifukwa anali atalowa kale m'banja. Nkhope yawo ndinaiiwala. Chimene chinakhalabe m'mutu mwanga ndi chala chawo chaching'ono chakumanzere, chopindika ngati mbedza chifukwa munsi unachiphwanya. Chala chimenecho ndicho ndinkagwira tikamapita kumadzi.

Ndinakula, ndinakwatiwa ndi mphunzitsi, amayi anamwalira. Ndiye chaka china msodzi wina anandinong'oneza padoko la Kachulu kuti achemwali alipo, amuna awo anamwalira, ndipo amakhala m'mudzi woyandikana ndi sitolo ya Mpwitikizi, kungodutsa malire pang'ono. Ndinawavutitsa bambo a kunyumba usana ndi usiku mpaka anavomera kuti sukulu ikatsekera tipita.

Anavomera, koma mwamantha. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene munthu wa boma kukhala ndi abale kunja unali mlandu ngakhale palibe amene anaulemba paliponse. Mphunzitsi mnzawo wa kwa Kuntumanji anangomukweza m'galimoto tsiku lina chifukwa wina anakanena kuti amalandira alendo a tsidya, ndipo sitinamuonenso. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Choncho m'mawa wa ulendo bambo anatenga baji yawo ya chipani, ya nkhope ya mtsogoleri ija, n'kuibaya pachifuwa pa jekete.

"Mayi, wina akafunsa, tikukagula mabulangeti," anatero. "Za achemwali anuzo, pakamwa potseka."

Ine ndinamanga mpunga wa m'munda mwanga m'kansalu, n'kuikamonso chitenje chatsopano.

Kunali chiperoni cha mtundu wina, chija chimalowa m'mafupa. Boti la injini la wamalonda wina linanyamuka pa Kachulu nkhungu ili tolo, moti ngakhale chilumba cha Chisi tinangochiona ngati chithunzithunzi. Mphepo inkatiwaza madzi kumaso. Ndinadzikulunga nsalu ziwiri koma mano ankangogundana. Tonse m'botimo tinali ndi madengu, matumba, mitolo ya matemba, kupatula munthu mmodzi. Anali bambo wamtali, wovala jasi lakuda ndi nsapato zopolishidwa, manja lende, wopanda ngakhale kathumba. Ndinamuyang'ana kamodzi mtima n'kundiuza kuti uyu si wabwino. Munthu wanji wopita tsidya chimanjamanja? Ndipo maso ake sankachoka pachifuwa pa bambo.

Titadutsa m'njedza, udzu wautali wa m'madzi, wajasi uja anasendera pafupi.

"Akuluakulu, mukukaona abale?"

"Iyayi, mabulangeti basi," anayankha bambo mofulumira kwambiri. "Nanga inu?"

"Inenso mabulangeti."

Bambo anandiponda phazi. Sanafunikire kutero, ndinali nditamva kale.

Titatsika tinayenda pansi m'matope mpaka pamwala wa malire. Panalibe msilikali, panalibe mpanda, mwala chabe wokutidwa ndi ndere. Ndinayembekeza kuti mtima udumpha poponda kwathu kobadwira, koma chimene ndinamva ndi kuzizira kwa mapazi. Wajasi uja anali pambuyo pathu. Tikachepetsa liwiro, nayenso ankachepetsa.

"Bambo, vulani kachitsuloko," ndinanong'ona. "Kuno n'kwa eni, muopseza anthu."

"Ndivule iye akuona? Mawa akanene kuti mphunzitsi anavula mtsogoleri atangoponda dziko lina? Mukufuna ana adye chiyani?"

Sitolo ija anthu ankaitama kwambiri kwathu, amvekere muli buledi, muli vinyo, muli nsalu zoti maso sangathe. Ife tinapeza chitseko chotsegula theka, m'mashelefu muli sopo ndi machesi, ndi mabulangeti opyapyala onunkha palafini. Bambo anagula limodzi kuti bodza lathu likhale ndi miyendo. Wajasi nayenso anagula limodzi. Kenako onse awiri anaima pakhonde, uyu uko uyu uko, aliyense atapanira bulangeti lake m'khwapa, kumayang'ana mvula yowaza ngati anabwera kudzaiwerenga.

Ndinanamizira kupita kuthengo n'kuzembera kuchitsime komwe ndinaona amayi akutunga. Ndinawalonjera m'Chilomwe changa chochita dzimbiri, n'kutchula dzina la achemwali. Anayamba kumasuka, mmodzi anatsegula ndi pakamwa pomwe. Koma wina anasuzumira kusitolo n'kuona amuna awiri achilendo aja, wa jasi ndi wa baji yonyezimira. Nkhope zonse zinatsekeka.

"Kuno kulibe munthu wotero."

Sindinawakwiyire. Iwonso anali ndi awo owatenga anthu: amene walandira alendo osadziwika, asilikali ankabwera kudzamufunsa, ndipo mafunso awo sankathera pakamwa. Amene ndinamukwiyira ndi bambo, ndi kachitsulo kawo.

Dzuwa silinatuluke tsiku lonse. Nthawi yobwerera kuboti itayandikira, kuzizira kunatithamangitsira tonse atatu pansi pa kachisakasa kuseri kwa sitolo, pomwe mayi wina wachikulire ankaotcha mbatata. Anali woonda, atafunda chiguduli. Ndinanjuta pamoto kuotha manja, bambo anaima kumbuyo kwanga, wajasi anaima mbali inayo. Mayi uja anandiyang'anitsitsa. Kenako anafukula mbatata m'phulusa, anaipukuta, anaisenda yekha ngati akusendera mwana, n'kundipatsira ndi manja awiri.

Chala chaching'ono chakumanzere chinali chopindika.

Ndinalandira mbatata ija koma dzanja sindinalisiye. Ndinagwira chala chija. Iwo sanachotse. Maso awo anapita pa baji, anapita pa jasi, n'kubwerera pa ine.

"Mwachokera kutali, mayi?" anafunsa m'Chinyanja.

"Tsidya. Tinabwera kudzagula mabulangeti."

"Kwazizira chaka chino. Amayi anu alipo?"

"Anatisiya."

Anagwedeza mutu, anaweramira pamoto n'kuyamba kuuzira makala omwe ankayaka kale. Anauzira nthawi yaitali, ndipo atadzuka ananena kuti utsi wawalowa m'maso. Ndinkafuna kukuwa kuti achemwali, ndine, ndine uja munkandibereka. Koma wajasi anali atatchera khutu, ndipo m'maganizo ndinaona mkazi wa mphunzitsi wa kwa Kuntumanji uja akutuluka m'nyumba ya sukulu ndi ana, miphika ili pamutu. Ndinadya mbatata ija yonse osamva kukoma kwake. Ponyamuka ndinasiya kamtolo ka mpunga ndi chitenje pafupi ndi phazi lawo, ngati ndaiwala. Iwo anakakokera pansi pa chiguduli ndi chidendene, osayang'ana pansi.

Pobwerera mafunde anakula. Wajasi uja anasanza mpaka nsapato zopolishidwa zija zinasanduka zina. Ine mumtima ndinati zakukwana, kazitape iwe. Magetsi a ku Zomba atayamba kuoneka m'munsi mwa phiri, munthu uja anakwawira kwa bambo, anagwada m'madzi a m'boti momwemo, n'kuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Bwana, chonde musakandinene," anatero. "Ndine kalaliki chabe. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa m'mudzi umene uja, ndinamva kuti wachira, mwana wamwamuna. Koma mwaona nokha, sindinalowe m'nyumba ya munthu. Tsiku lonse ndinali pamaso panu dala, kuti muone kuti ndinangogula bulangeti."

Bambo anayang'ana baji ija pachifuwa pawo.

Ndinamukhulupirira? Mpaka lero sindidziwa. Masiku amenewo akazitape ankadziwanso kugwada, ndipo bambo sanamuuze za ife ngakhale liwu limodzi, anangoti, "Dzukani, achimwene, munyowa." Koma ndinaona mmene munthu uja anakumbatira bulangeti lake lonunkha palafini, ndipo ndinalira, misozi yaukali, poyera, osasamala amene akuona.

Sipanapite nthawi, nkhondo inakula tsidya lija, maboti anasiya kuoloka, ndipo msodzi uja atadzaonekanso pa Kachulu anandiuza kuti mudzi uja unatsala mabwinja. Za achemwali sanamve kanthu. Amati chibale n'fupa, sichiola, ndipo n'zoona, koma ine ndinagwira fupa langalo m'manja n'kukamba nalo za mabulangeti.

Ndimakumbukirabe dzanja la bambo madzulo aja m'boti. Kalaliki uja atabwerera pamalo pake, dzanja lawo linakwera pachifuwa, zala zinagwira baji ija n'kuyamba kumasula kapini kake. Koma boti linali litalowa kale m'njedza za pa Kachulu, ndipo padoko panali pataima anyamata a chipani, akuyang'ana otsika. Bambo anaibayanso bwinobwino, n'kuipukuta ndi mkono wa jekete.