Nambala ya Pachesisi

Amakanika achikulire a pa Chonde amaiwala mayina a ana awo, koma nambala ya pachesisi ya galimoto iliyonse yomwe anaisinthapo oyilo ili m'mutu. Oyilo wakuda amangomununkhiza, amvekere, "Uyu ndi phula, achimwene, kathireni mumsewu!" Ntchentche ikangotera pakatundu, iwo adziwa kale kuti kulemera kwapyola kolembedwa pachitseko.

Madzi osefukira ataphwa, mumtsinje munapezeka pikapu yopindikapindika, nambala yakutsogolo itachoka. Mayi Tiyamike, omwe amuna awo anali asanabwerere kunyumba, anaitanitsa amakanika aja.

"Bambo, ndi yathu?"

Madalawo anagwada, napala matope pachitsulo cha chesisi ndi sipanala, nawerenga nambala chamumtima mpaka kumapeto. Kenaka anavula chipewa.

"Mayi, amuna anu ndinawauza abwere Lolemba tidzasinthe oyilo."